Nsima, mafuta ndi mchere: kuphika mopepuka n'kutani pakhomo la Mmalawi?

Mayi akapita kusikelo ndi mwana wa chaka chimodzi amauzidwa kuti m'phala azithiramo nsinjiro, kasupuni ka mafuta ophikira, ngakhalenso dzira likapezeka. Mayi yemweyo akaperekeza apongozi ake kukiliniki ya shuga ndi BP, pachipatala chomwecho, amamva zina: chepetsani mafuta, chepetsani mchere, nsima isapitirire mtanda umodzi. Pa WhatsApp ndiye pamayenda zoposa apa. Ena akuti nsima ndiyo ikutidwalitsa, ena akuti mgaiwa umachiritsa matenda a shuga. Koma madzulo mphika ndi umodzi, ndipo wophika ayenera kudziwa choti achite.

Malangizo awiri a kuchipatalawa sakutsutsana. Akunena za matupi awiri osiyana amene akudya pakhomo limodzi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, pomwe amayi 21 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira muyeso. Kafukufuku wina wa mu 2009, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Choncho kwathu kuno kuphika mopepuka sikungakhale kungochotsa zinthu mumphika. Pali zofunika kuchepetsa, pali zofunika kuwonjezera, ndipo zimatengera amene akudya.

Mphamvu ya m'chakudya ndi kukula kwa mtanda

Chakudya chilichonse chimapatsa thupi mphamvu, ndipo mphamvuyo imayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya zakudya zokhutitsa monga ufa imapereka makalori pafupifupi 4, galamu ya zomanga thupi 4, koma galamu ya mafuta imapereka 9. Munthu wamkulu amafuna makalori cha m'ma 2,000 mpaka 2,500 patsiku, kutengera msinkhu ndi ntchito imene amagwira. Zotsala zimene thupi silinagwiritse ntchito limazisunga, ndipo ndiko kunenepako.

Mitanda itatu kapena inayi ya nsima inali yoyenera kwa munthu amene walawirira kumunda ndi khasu, wabwerako n'kusenza nkhuni, kutunga madzi ndi kukonola chimanga mumtondo. Ambiri m'midzi akugwirabe ntchito zoterezi, ndipo kwa iwo kuchepetsa nsima kungakhale kuwalanda chakudya. Koma wa mu ofesi ku Lilongwe, amene amapita kuntchito pa minibasi n'kukhala pampando tsiku lonse, nthawi zambiri amadyabe mitanda yomweyo. Ntchito inasintha, mtanda sunasinthe.

A zaumoyo m'Malawi amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Pa mbale zathu zambiri gulu loyambalo limatenga malo a ena onse. Kuposa theka la mphamvu imene Amalawi amapeza m'chakudya imachokera ku chimanga chokha, ndipo ndiwo timaziona ngati zongotsitsira nsima. WHO imalimbikitsa kuti munthu azidya masamba ndi zipatso zokwana magalamu 400 patsiku. Tindiwo ta m'kambale ka pakati, togawana anthu asanu, sitingayandikire pamenepo. N'chifukwa chake sitepe yoyamba imene akatswiri ambiri a kadyedwe amagwirizana si kusiya nsima ayi, koma kukulitsa mbale ya ndiwo, makamaka masamba ndi nyemba, kuti nsima ichepe yokha.

Mgaiwa kapena ufa woyera?

Apa ndi pamene pali mkangano waukulu, ndipo nkhani yake ndi yakuya kuposa momwe imamvekera pawailesi.

Chimanga sichinayambire kuno. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika m'mphepete mwa nyanja za Africa ndi zombo za Apwitikizi kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Makolo athu ankadya nsima ya mapira ndi mawere, ndipo chimanga chinatenga zaka mazana kuti chilande malo a mbewu zimenezi. Mtedza, chinangwa, mbatata, maungu ndi tomato nazonso zinachokera ku America komweko. Lero nsima ndi yathuyathu, moti mu 2017 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linailemba m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a padziko lapansi. Koma mbiriyi ikutiuza kuti chakudya cha makolo chakhala chikusintha kuyambira kale.

Njere ya chimanga ili ndi zigawo zitatu: khungu lakunja, kamtima kamene kamamera, ndi mbali yoyera yaikulu imene ndi sitachi. Mgaiwa ndi chimanga chogayidwa chonse. Gramil ndi chimanga chokonola n'kugayitsa osaviika. Ufa woyera umadutsa njira yaitali. Chimanga chimakonoledwa, n'kupetedwa m'lichero mpaka gaga atachoka. Mphale imaviikidwa m'madzi kwa masiku angapo, mpaka madzi atachita thovu ndi kafungo kowawasa. Kenako imatsukidwa, kuyanikidwa pamphasa, kugayitsidwa, ndipo ufawo umayanikidwanso padzuwa. Aliyense amene anakulira pakhomo lotere amalidziwa fungo la ufa umene wangoanulidwa kumene.

Pa njira yonseyi pamatayika zambiri. Khungu limapita ndi gaga, amene amathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino ndi kuti munthu akhale wokhuta nthawi yaitali. Kamtima kamapita ndi mafuta abwino, mavitamini a gulu la B, ayironi ndi zinki. Zimenezi zimathera m'madeya amene timapatsa nkhuku ndi nkhumba, ndipo zina zimatayidwa ndi madzi oviikira. Ulemu umene ufa woyera uli nawo unachokera pa ntchito yake: mlendo ankaphikiridwa nsima yoyera, pomwe mgaiwa unkaonedwa ngati wa nthawi ya njala, wa kusukulu zogonera komweko kapena kundende.

Mpaka apa mgaiwa ukuoneka kuti wapambana. Koma amayi amene ankakonola ndi kuviika sankangotaya nthawi. M'khungu ndi m'kamtima muli chinthu chotchedwa phytate, chimene chimagwira ayironi ndi zinki m'matumbo kuti thupi lisazitenge mokwanira. Kukonola ndi kuviika kumachepetsa phytate. Nkhaniyi ndi yaikulu m'dziko limene kafukufuku wa michere ya m'thupi wa 2015-16 anapeza kuti anthu pafupifupi 60 mwa 100 anali operewera zinki. Chachiwiri ndi chuku. Chimanga chimene chinakololedwa chisanaume bwino kapena chinasungidwa pachinyezi chimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi. Poizoniyu sathawa moto, ngakhale nsima itaphikidwa bwanji. Ofufuza a m'Malawi momwemuno anaonetsa kuti kusankha chimanga, kukonola, kuviika ndi kutsuka kumachotsa gawo lalikulu la poizoniyu, chifukwa wambiri amakhala m'khungu ndi m'njere zoola. Choncho mgaiwa wa chimanga chouma bwino ndi chosankhidwa ndi chakudya chabwino, koma mgaiwa wa chimanga chofumbwa ndi chachuku ndi woopsa kuposa ufa woyera wochokera m'thumba lomwelo.

Nanga pa shuga wa m'magazi? Zakudya zina zimakweza shuga mofulumira n'kutsikanso msanga, ngati moto wa mapesi, pomwe zina zimapereka mphamvu pang'onopang'ono ngati chikuni cha moto wogonera. Ambiri amakhulupirira kuti ufa woyera ndiye mapesiwo, mgaiwa ndiye chikuni. Koma kafukufuku wina wochepa wa ku sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR anapeza kuti nsima ya ufa woviika sinakweze shuga mofulumira kuposa ya mgaiwa, mwina chifukwa cha kuwawasa kumene kumabwera poviika, ndipo mitundu yonse ya nsima inkalemetsa magazi ndi shuga ikadyedwa yambiri. Chimene chimachedwetsadi shuga ndi kudya nsimayo pamodzi ndi nyemba, masamba kapena nsomba, komanso kuchepetsa mitanda. Wodwala shuga amene wasintha ufa n'kusiya mitanda ili inayi sanasinthe zambiri.

Kufunika kwa ndiwo kunaoneka momvetsa chisoni mu 1990, pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique amene ankakhala m'Malawi. Mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira, anthu opitirira 18,000 anadwala pellagra, matenda amene amakakalitsa ndi kudetsa khungu pamalo owombedwa ndi dzuwa, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Gwero lake ndi kusowa kwa vitamini B3. M'chimanga vitaminiyu alimo, koma ndi womangika moti thupi silimutenga. Ku Mexico amaphika chimanga ndi njereza kapena phulusa, ndipo zimenezi zimamumasula. Chimanga chinabwera kuno popanda luso limenelo, ndipo amene akhala akutseka mpatawo ndi mtedza, nyemba ndi nsomba.

Mafuta a m'botolo ndi nsinjiro

Mafuta ophikira a m'botolo ndi achilendo pa maphikidwe athu poyerekeza ndi mtondo. Agogo ambiri ankatendera. Nkhwani, chitambe, khwanya kapena mfutso wa m'chikwatu ankathira nsinjiro, ndipo mbatata kapena maungu ankapanga futali. Nsomba ndi nyama ankawamba kapena kuwiritsa. Mafuta atayamba kupezeka m'magolosale, mpaka oyeza pang'onopang'ono pamsika, kukazinga kunasanduka chizindikiro choti pakhomo zinthu zikuyenda. Ndiwo zosanyezimira zinayamba kuoneka ngati zaumphawi.

Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, kuposa dzira lathunthu. Masamba owiritsa odzaza kambale safika ngakhale theka la pamenepo. Wophika akangopendeketsa botolo pamwamba pa poto, osayeza, masupuni atatu kapena anayi amalowa iye asanazindikire, ndipo repu kapena kabichi uja amasanduka chakudya cholemera. Poto akafika patebulo, mafuta amayandama pamwamba pa supu, ndipo timawasunsa ndi nsima mpaka mbale itayera.

Komabe kuchotseratu mafuta si yankho. Vitamini A wa m'masamba obiriwira, maungu, mango ndi mbatata yofiira m'kati amafuna mafuta pang'ono kuti thupi limutenge. Mwana wamng'ono ali ndi kamimba kakang'ono, choncho amafuna mphamvu yambiri m'chakudya chochepa, ndipo n'chifukwa chake kusikelo amati thirani mafuta m'phala. Mabanja ambiri a m'midzi vuto lawo ndi kuchepa kwa zamafuta, osati kuchuluka. Kumene mafuta achuluka, njira zake ndi zapafupi: kuyeza ndi supuni, kufewetsa anyezi ndi tomato m'timafuta tochepa n'kuwonjezera madzi, kuwotcha chambo kapena nkhuku pamakala m'malo moimiza m'mafuta, ndi kuyengula mafuta oyandama pa nyama yowiritsa. Mafuta a pachiwaya amene akazingira tchipisi kapena mandasi mobwerezabwereza mpaka kuda amakhala atawonongeka ndi moto, ndipo sayenera kubwereranso m'ndiwo.

Nanga kutendera n'kopepuka? Osati kwenikweni. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta. Kusiyana kwake n'kwakuti mtedza umabwera ndi zomanga thupi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, komanso gaga ndi vitamini B3 uja, zimene m'botolo mulibe. Ndiwo zotendera sizifunanso mafuta ena. Chofunika kusamala n'chakuti mtedza nawo umagwidwa chuku, ndipo pali chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusinja wonyala ndi wothimbirira kuti ukhale nsinjiro za pakhomo. Mtedza wonyalawo ndi umene umakhala ndi aflatoxin wambiri, ndipo nsinjirozo ndi zimene zimalowa m'phala la mwana. Nkhani imeneyi imandidetsa nkhawa kuposa ya mafuta.

Mchere, soda ndi chidulo

Mu mchere muli sodium, amene akachuluka amachititsa thupi kusunga madzi ambiri m'mitsempha, ndipo magazi amathamanga. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza mchere wonse wobisika m'zakudya. Pakhomo la akuluakulu asanu ndiye kuti magalamu 25, ndipo paketi ya kilogalamu imodzi iyenera kutha masiku 40 ngati palibe mchere wina wochokera kwina. Koma wina amachokeradi kwina: m'makyubu okometsera ndiwo, m'timapaketi ta zokometsera za soya pisi, mu buledi, soseji ndi nsomba zamchere monga bakayawo. Lilime limazolowera. Mchere ukamachepetsedwa pang'onopang'ono, pakapita masabata angapo ndiwo zimayambanso kumveka kukoma, makamaka ngati muli tomato wokwanira, anyezi, adyo, tsabola kapena madzi a ndimu.

Mchere wa m'sitolo uli ndi ntchito inanso. Lamulo la dziko lino limafuna kuti uzikhala ndi ayodini, amene amateteza ku chithokomiro ndipo amathandiza ubongo wa mwana kukula ali m'mimba. Choncho uthenga wake ndi wakuti mchere ukhale wochepa koma wa ayodini.

Chidulo ndi luso lakale. Mayi amawotcha zitsononkho, makoko a nyemba kapena mapesi, n'kuika phulusalo m'chitini chobowola pansi, kuthira madzi pamwamba, ndipo timadzi tofiirira timadontha m'mbale. Timadzi timeneti timafewetsa masamba olimba, timasunga kubiriwira kwake ndipo timapangitsa therere kutelereka. Masiku ano ambiri anasiya chidulo n'kuyamba soda wa m'sitolo. Zonse ziwiri zimapulumutsa nkhuni ndi nthawi, ndipo zonse ziwiri zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Soda ali ndi vuto lowonjezera: nayenso ndi sodium, choncho kwa wodwala BP ndi mchere wachiwiri umene sumveka pakamwa. Chidulo chimakhala kwambiri ndi mchere wina wotchedwa potassium, osati sodium.

Masamba anthete monga bonongwe, luni ndi chisoso safuna soda. Nkhwani wosadzula bwino amapsa m'mphindi zochepa. Kutsuka masamba asanadulidwe, kuphika ndi madzi ochepa poto ali wovundikira, ndi kusataya madzi ophikira kumasunga zambiri. Nyemba zikaviikidwa usiku wonse zimapsa msanga popanda soda. Koma lamulo la kuphika mwachidule lili ndi malire. Chigwada chiyenera kusinjidwa ndi kuphikidwa mokwanira, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka ndi kusinja ndi moto.

Shuga amene ali ndi vitamini

WHO imati shuga wothira m'zakudya ndi zakumwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya tsiku, amene kwa wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono 12, ndipo ndi bwino koposa kukhala pa theka la pamenepo. Botolo laling'ono la zakumwa zoziziritsa kukhosi limatenga masupuni pafupifupi 8. Makapu awiri a tiyi a masupuni atatuatatu, phala lothira shuga ndi thobwa la pamsika zimamaliza zotsalazo. Thobwa lofulula ndi chimera chokwanira limatsekemera lokha, ndipo shuga wothira pamwamba ndi chizolowezi chaposachedwa.

Chovuta n'chakuti shuga wa m'Malawi amathiridwa vitamini A kuyambira mu 2012, ndipo mafuta ophikira nawonso amathiridwa vitaminiyu. Kuperewera kwa vitaminiyu mwa ana aang'ono kunatsika kuchoka pa 59 mwa 100 mu 2001 kufika pa 22 mu 2009, ndi pafupifupi 4 mu 2015-16, chifukwa cha njira zingapo kuphatikiza timadontho topatsidwa kusikelo. Ndiye zinthu ziwiri zimene akulu akuuzidwa kuti achepetse ndi zomwezo zimene boma linasankha kuti zinyamule vitamini wa ana. Palinso njira ina ya m'munda, monga mbatata yofiira m'kati ya mitundu ya Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika, komanso chimanga chaolenji.

Dera lililonse ndi mphika wake

Ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota nsima ndi kondowole. Chinangwa chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri poyerekeza ndi chimanga, koma anthu a kunyanja amachidya ndi usipa ndi utaka, nsomba zodyedwa ndi minga yomwe, zimene zimapereka kashiamu, ayironi ndi zinki. Apa chosayenera kufupikitsa ndi masiku oviika chinangwa chowawa. Ku Nampula, m'dziko la Mozambique, chilala cha mu 1981 chinachititsa anthu kudya chinangwa chosakonzedwa mokwanira, ndipo ambiri anapuwala miyendo ndi matenda otchedwa konzo. Ku Karonga kuli mpunga wa Kilombero ndi mbalagha, chakudya cha nthochi zophika ndi nyama. Ku Chikwawa ndi Nsanje nsima ya mapira idakalipo, ndipo kum'mwera nandolo ndi khobwe amapanga chipere chimene sichifuna mafuta ambiri. Malangizo ongonena za mgaiwa sawafika anthu a m'madera amenewa.

Zimene zikufunikabe mayankho

Funso la ufa silinathe. Kafukufuku wa momwe nsima zosiyanasiyana zimakwezera shuga ndi wochepa ndipo anachitika pa anthu ochepa, choncho madokotala ndi akatswiri a kadyedwe sanafike pa mawu amodzi. Palinso funso la momwe dziko lingalimbikitsire mgaiwa popanda kuwonjezera aflatoxin m'matupi a anthu, pomwe chimanga chambiri chimadyedwa chisanayezedwe ndi aliyense. Lamulo lothira mavitamini ndi michere mu ufa limagwira ufa wa m'mafakitale, koma mabanja ambiri amagayitsa chawo pachigayo cha m'mudzi, kumene kulibe chothiridwa.

Ndalama nazo zili pakati. Nyemba ndi zabwino, koma zimadya makala. Zipatso zimachuluka nthawi ya mango ndi masuku, kenako n'kusowa miyezi ingapo. Kwa munthu amene ali ndi ndalama yochepa, ufa, shuga ndi mafuta ndi zimene zimathetsa njala pamtengo wotsika, ndipo kumuuza za magalamu 400 a masamba ndi zipatso sikumupatsa ndalama yogulira. Kodi yankho lili m'madimba a kuseri kwa nyumba, m'kubwezeretsa luso lofutsa masamba, kapena m'mitengo ya zinthu pamsika? Pamenepa a zaulimi, a zaumoyo ndi a zachuma amaona mosiyana.

Kenako pali maso a anthu. Kunenepa kumaonedwabe ngati umboni woti munthu akusamalidwa bwino, ndipo kuyambira pamene Edzi inafika, amene waonda mwadzidzidzi amayamba kunong'onedwa. Mkazi amene wachepetsa mafuta m'ndiwo akhoza kunenedwa ndi achibale a mwamuna wake kuti ndi woumira kapena sadziwa kuphika. Pakhomo pamene agogo ali ndi BP, bambo ali ndi shuga, mtsikana ndi woyembekezera ndipo mwana wa miyezi 18 sakukwera sikelo, kodi wophika apatule ndiwo za agogo asanathire mchere, aike supuni ya mafuta m'mbale ya mwana yekha, n'kuyezera bambo mtanda wawo pamaso pa ana? Mabanja ena akutero kale. Ena amaona kuti kuyezera munthu wamkulu nsima ndi chipongwe, ndipo malangizo a kuchipatala sanena kuti amene angawauze bambowo ndani.